Manda a Mzere 14, Nambala 3

Pa chipata cha manda a mu mzinda pali kaofesi ka chipinda chimodzi: zenera limodzi loyang'ana kumanda, tebulo lachitsulo, kabati yosatsekeka bwino ndi mipando iwiri yosafanana. M'menemo munagwira ntchito mayi wina kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi a kutchalitchi okha. Kwa ena onse anali Mayi Kaundula, popeza ndiwo ankasunga buku la anthu ogona m'mandamo: dzina la munthu, tsiku loikidwa, mzere ndi nambala ya manda ake.

Anali mayi wa mawu ochepa, koma kufatsako sanabadwe nako. Anachita kuphunzitsidwa ndi zibakera. Anakwatiwa ali mtsikana ndi dalaivala wa lole, mwamuna woseka bwino pagulu amene kunyumba dzanja linkamuyabwa. Ankawamenya chifukwa cha mchere wambiri, ankawamenya chifukwa chochedwa kutsegula chitseko. Lero awamenya chifukwa chomuyang'ana, mawa chifukwa chosamuyang'ana. Mayiwo anaphunzira kuti mwamuna akakweza mawu pansi pa tebulo ndiye pabwino, chifukwa nsapato imafikapo koma chibakera sichifika ndi mphamvu. Ana awo awiri nawonso ankadziwa malo awo kuseri kwa kabati.

Lamlungu lina masana mwamunayo anawagwira tsitsi n'kuyamba kuwaombetsa mutu pa felemu ya chitseko. Anawaombetsa kanayi, kachisanu magazi anatuluka m'khutu la kumanzere, ndipo khutulo silinamvenso. Pa nthawi imeneyo n'kuti mkulu wake wa mwamunayo akulowa kumpanda kudzabweza wilibala, fosholo ili paphewa. Sanafunse mlandu. Anatembenuza fosholoyo n'kumenya mng'ono wake ndi mpini pamkono, fupa n'kulira ngati nkhuni youma. Kenako anakweza mlamu wake mu wilibala momwemo, ana akutsatira m'mbuyo, mpaka kuchipatala. Abale atamudzudzula kuti wathyola mng'ono wake chifukwa cha mwana wa eni, iye anangoti magazi amene anawaona pa chitseko anali ofiira ngati a kwawo omwe.

Mkuluyo anali kapitawo wa okumba manda, ndipo mzinda wonse unkamutchula kuti a Fosholo. Dalaivala uja atafa pangozi ya lole patapita zaka ziwiri, a Fosholo ndiwo anakumba manda ake, ndipo ndiwonso anawapezera mlamu wawo ntchito m'kaofesi kaja, atawauza abwana kuti mayiyu amalemba zilembo zoongoka ngati za m'Baibulo. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankasuzumira pazenera n'kufunsa ngati alendo agona bwino, ngati palibe amene wabwera kudzadandaula za mphasa. Mayi Kaundula ankayankha kuti wodandaula m'manda muno ndi mmodzi yekha, ndipo ndi amene waima pazenerayu. A Fosholo ankaonjeza kuti mlamu asade nkhawa, malo awo anawasungira kale pafupi ndi mpopi, kuti podzathirira maluwa asamadzavutike ndi ndowa.

Manda aliwonse anali ndi manambala awiri, woyamba wa mzere, wachiwiri wa malo ake mu mzeremo. Mzere wachitatu, manda a nambala 14, ankalemba 3-14. Anatero kwa zaka zambiri popanda vuto, mpaka abwana a ku likulu anabweretsa kompyuta. Anawaonetsa tsamba la timabokosi, anawapatsa masabata awiri kuti akopere buku lonse, chifukwa bukulo limayenera kukasungidwa ku likulu.

Tsiku loyamba lomwelo makina anaonetsa khalidwe lawo. Mayi Kaundula analemba 3-14, ndipo atangochoka m'kabokosiko anaona kuti palembedwa Mar-14. Anafufuta, analembanso, zinabwereranso. Analemba 14-3, makina anati 14-Mar. Analemba 5-8, makina anati 5-Aug. Manambala aakulu okha, monga 20-31, ndi amene ankakhala momwe awalembera. A Fosholo atamva anaseka, anati makinawo ali ndi mutu wa malemu mng'ono wawo, amamva zimene akufuna okha. Masiku anali kutha, wofunsa panalibe, ndipo mayiwo anaganiza kuti palibe chaonongeka kwenikweni. Malichi ndi mwezi wachitatu, Ogasiti wachisanu ndi chitatu. Akamawerenga azingotembenuza mwezi kukhala nambala m'mutu mwawo. Anamaliza kukopera, buku linapita ku likulu, ndipo kumeneko linakaikidwa m'chipinda chodontha, chiswe n'kumaliza zimene mvula inasiya.

Mankhwala a vutolo anawadziwa patapita miyezi ingapo. Mayi wina wotaipa makalata ku likulu anabwera kudzaona manda a mchemwali wake, ndipo atasuzumira pa kompyuta anapukusa mutu. Anafotokoza kuti makinawa akaona manambala awiri okhala ndi kamzere pakati amangoti ndi deti. Kuti asatero, munthu asanalembe kalikonse asankhe mndandanda wonse wotsika n'kuwauza makinawo kuti umu mukhala mawu wamba. Kapena, njira yachidule, ayambe ndi kachizindikiro kakang'ono ka m'mwamba kaja, kokhala ngati kamchira, kenako nambala. Anawaonetsa. Analemba kamchira, analemba 7-2, ndipo 7-2 inakhala 7-2.

Mayi Kaundula anapempha kuti akonzenso akale aja. Mayi wotaipayo anasintha mndandanda wonse kukhala wa mawu, ndipo pamene panali Mar-14 panatuluka 41699. Tsamba lonse linadzaza manambala aatali osadziwika mutu wake. Kenako anadina pobwezera, madeti aja n'kubwerera. Anati akalewa alibe chidule, makina anaiwala kale chimene chinalembedwa poyamba. Pafunika kuwalembanso amodziamodzi ndi dzanja. Anawerenga, anapeza oposa chikwi chimodzi.

Mayi Kaundula anati ayamba Lolemba. Lolembalo kunali maliro asanu. Anati mvula ikatha. Atsopano onse ankawalemba ndi kamchira, akale n'kumangowatembenuza m'mutu, ndipo sanalakwitsepo. Abwana akafunsa, ankati zonse zili bwino. Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa motero. Pogwada kutchalitchi ankatchula machimo ena, mkwiyo wa mumtima ndi kaduka pa mnansi wokhala ndi mwamuna wabwino, koma ili sankalitchula chifukwa sankaliona ngati tchimo. Zengerezu adalinda kwaukwau, amatero akuluakulu, koma mwambi umakoma ukamanena za wina.

Lachinayi lina masana munalowa amuna atatu apachibale limodzi ndi mlongo wawo. Mayi awo anali atamwalira, ndipo ankafuna akaikidwe pamwamba pa bambo awo, monga zinkachitikira m'mandamo chifukwa cha kuchepa kwa malo. Manda otero ankakumbidwa akuya kwambiri poyamba, kuti wachiwiri adzapeze pogona. Amuna atatuwo analowa akukangana kale za amene anachedwetsa mayi awo kupita kuchipatala. Wamkulu anamenya tebulo, wamng'ono anakankha mpando. M'kachipinda kakang'onoko mawu awo anadzaza mpaka kudenga, ndipo manja a Mayi Kaundula anayamba kufulumira okha, monga ankachitira nthawi zonse amuna akakweza mawu. Anapeza dzina la bambo uja, anaona Mar-14, ndipo pa kapepala kolamula okumba analemba 14-3. Anang'amba kapamwamba, kapansi ka kaboni n'kutsala m'buku.

A Fosholo atalandira kapepalako anakayang'ana nthawi yaitali. Anati mu mzere 14 sakukumbukira kuti anaikamo mdala wa manda akuya, ndipo anafunsa ngati mlamu waona bwino.

"Zaka zonsezi ndinakulakwitsiranipo?" anatero Mayi Kaundula, mutu ukuwawabe ndi phokoso lija.

"Ayi, mlamu. Ukalamba wanga ndi umene ukufunsa."

Anapinda kapepalako n'kuika m'thumba la malaya.

Tizitsulo tolembedwa manambala ta pa mitumbira tinali titabedwa kalekale ndi ogulitsa zitsulo zakale, choncho okumba ankachita kuwerenga mitumbira kuchokera kumsewu. Manda achitatu mu mzere 14 analibe mwala. Panali chitsamba cha maluwa ofiira chodulidwa bwino, ndipo a Fosholo anaganiza kuti ndi mayi womwalirayo ankachisamalira. Lachisanu m'mawa anachizula, anachiika pambali mosamala, ndipo iwo ndi anzawo atatu anayamba kukumba. Popeza ankadziwa kuti awa ndi manda akuya, sanachepetse mphamvu pa msinkhu umene akanachepetsa. Piki ya a Fosholo inatsika ndi mphamvu zonse, inaboola thabwa lofumbwa n'kukodwa. Poizula inatuluka ndi kansalu kachikasu ka deresi.

Pa nthawi yomweyo pachipata panalowa mwamuna wogulitsa nyama kumsika wa tsidya la msewu, atavala epuloni yake ya madontho a magazi, chigubu cha madzi kumanja. Lachisanu lililonse ankabwera kudzathirira chitsamba pamanda a mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo, amene anamwalira ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mayi Kaundula ankamudziwa, ankapatsana moni pazenera, koma sanaganizepo zoti amalowera mzere uti. Anamuona akuyenda, anamuona ataima, chigubu chikugwa pansi.

Mwamunayo sanakuwe. Anathamanga, anatola fosholo imene inali pa mulu wa dothi, ndipo a Fosholo akutulutsa mutu m'dzenje anawamenya nayo kumaso. Phokoso lake linafika mpaka ku ofesi, linalowa m'khutu limodzi lija. Anawagwira kolala, anawakokera kunja ngati thumba, anawapondaponda m'nthiti. Okumba atatu aja anataya zida n'kulumpha mpanda wa kumbuyo. Mayi wina amene ankasesa pamanda a mwamuna wake ndiye anayamba kukuwa, ndipo mkuwo unaoloka msewu.

Msika wonse unakhamukira kumanda. Anabwera azichimwene ake awiri a wogulitsa nyama, wina atanyamula ngowe yopachikira nyama. Anabwera ogulitsa makala, okonza njinga, amayi a tomato ndi anthu ongodutsa. Pachipata nkhani inali yakuti okumba alakwitsa manda. Pofika pa mzere wachisanu inali yakuti amafukula mabokosi n'kukagulitsanso. Pofika pa mzere 14 inali yakuti amagulitsa mafupa a atsikana, ndipo panapezeka kale anthu awiri olumbira kuti anawaonapo. Aliyense ankafuna kuikapo dzanja lake. Njerwa inawagwera paphewa. Ngowe ija inawang'amba ntchafu. Mayi wina wachikulire, wovala bwino, anavula nsapato n'kumawamenya nayo pamutu uku akutchula dzina la mwana wake amene anagona mu mzere wina.

Wogulitsa nyama anawadzutsa ndi kolala n'kuwafunsa kuti wawatuma ndani. Mayi Kaundula ankaona zonse pazenera. Anaona dzanja la a Fosholo likulowa m'thumba la malaya, ndipo anadziwa kuti kapepala kaja katuluka, ndi zilembo zawo zoongoka. Dzanjalo linatuluka lofumbata, linapita kukamwa ngati likupukuta magazi. A Fosholo anatafuna ndi mano amene anatsala, anameza movutika, kenako anati palibe wawatuma, anangowerenga mitumbira molakwika.

Anawakokera pa mpopi wa madzi n'kuwamangirira pa chitsulo chake ndi chingwe chotsitsira mabokosi. Wokonza njinga wina anagubuduza tayala lakale la galimoto kuchokera kumsewu, anthu awiri n'kuwaveka m'khosi. Wina anatumidwa kukapopa petulo mu njinga yamoto.

Mayi Kaundula anapezeka atakhoma chitseko, ali pansi pa tebulo lachitsulo, maondo pachibwano, osadziwa kuti alowamo nthawi yanji. Anali mayi wa zaka makumi asanu, wa zidzukulu ziwiri, koma thupi linakumbukira malo ake. Anayesa kupemphera, mawu osabwera. Anadziuza kuti apolisi afika, pamene ankadziwa kuti polisi ili kutali ndipo petulo ali pafupi. Anadziuza kuti ngakhale atatuluka palibe angawamvere. Kapepala kanali katamezedwa, ndipo panalibe munthu padziko amene akanawaloza chala. Atakweza maso anaona ngodya ya buku la timapepala ikusuzumira m'mphepete mwa tebulo, ndipo m'menemo munali kaboni.

Anatuluka chokwawa. Anatsegula chitseko, buku ali nalo pachifuwa. Anafika kumbuyo kwa gulu n'kunena kuti ndi iwo analakwitsa, koma mawu awo anali aang'ono ngati a mwana wodwala, ndipo palibe anatembenuka. Pamtengo wa pafupi ndi ofesi pankalendewera chitsulo cha gudumu la lole, chimene a Fosholo ankaimba nthawi yoweruka. Anatola hamala yake n'kuchimenya, kuchimenya, mpaka dzanja linachita dzanzi ndipo nkhope zonse zinayang'ana kwa iwo.

Anadutsa pakati pa anthu mpaka pamaso pa wogulitsa nyama, anatsegula buku n'kumuonetsa.

"Bambo, mkuluyu amakumba pamene ndamulembera. Onani apa. Dzanja ili ndi langa."

Mwamunayo anagwira bukulo, chala chake n'kusiya chidindo chofiira pa tsamba. Anawerenga, anayang'ana mayiwo.

"Mwalemba ndinu?"

"Ndine. Ndimafuna kulemba 3-14."

Mbama inagwera pa khutu lakumva lija, ndipo dziko lonse linangoti zii. Anagwa chagada pa mtumbira wa munthu wina. Akudzuka, wina anawaponda pamsana, wina anawang'amba mpango kumutu. A Fosholo ankayesa kulankhula pa mpopi paja, koma m'kamwa munkangotuluka thovu lofiira. Wa petulo uja anafika ndi botolo, anayamba kuthira pa tayala, akuti onse awiri ndi amodzi, awotchedwe pamodzi.

Mayi Kaundula anagwira mwendo wa wogulitsa nyama. Sankadzimva bwino mawu awo, choncho analankhula mokweza kuposa mmene analankhulirapo pa moyo wawo. Anati dzina la mwana wake lili m'makina mu ofesi, ndipo chimene chalakwika chili momwemo, abwere adzachione ndi maso ake, akatha kuona achite chimene afuna. Mwamunayo anaima kanthawi akupuma ngati ng'ombe. Kenako anakankha wa petulo uja pachifuwa mpaka botolo linagwa.

"Ndi mwana wako ali m'dzenjemo? Dikira."

Anawagwira mayiwo pamkono n'kuwakokera ku ofesi. Gulu limatsata kumene kwapita mwini mlandu. Azichimwene ake aja analowa nawo, ena anadzaza pakhomo, ena anakanikizana pazenera, ndipo pa mpopi panatsala anthu owerengeka.

Anawakhazika pampando mokankha. Mayi Kaundula anayatsa kompyuta, ndipo kwa nthawi yoyamba anathokoza Mulungu kuti makinawo ndi okalamba, amachedwa kudzuka. Pakati pa mapewa a anthu a pazenera ankaona kachidutswa ka msewu wa m'manda. Anaona galimoto yaing'ono yonyamula katundu ikulowa. Anali ana a mayi womwalira uja, atabwera kudzaona ngati manda a mayi awo atha kukumbidwa. Mlongo wawo anatsika, anayang'ana pa mpopi, anagwira pakamwa.

Mayiwo anayamba kufotokoza, ndipo anafotokoza pang'onopang'ono mwadala. Anayambira pa buku lakale, anafika pa chiswe cha ku likulu. Anapeza dzina la bambo wa manda akuya, analoza Mar-14. Anatsika mizere yambiri osafulumira mpaka anapeza dzina la mtsikana uja, analoza 14-Mar. Wogulitsa nyama anawerama. Anawerenga dzina la mwana wake, milomo ikuyenda popanda mawu.

"Mwana wanga sanamwalire mu Malichi."

"Si tsiku limenelo, bambo. Ndi nambala ya manda ake. Makina ndi amene anaisandutsa deti."

"Ndiye inu munangoisiya choncho?"

Mayiwo anaponya diso pazenera. Kunja mlongo uja anali akuchotsa tayala, azichimwene ake awiri akulimbana ndi chingwe.

"Konzani," anatero mwamunayo. "Ndione."

Mayiwo analakwitsa kawiri. Anafufuta deti lija, anadina kamchira ka m'mwamba, analemba 14-3. Nambalayo inakhala pomwepo pambali pa dzina la mtsikanayo, osasintha. Wogulitsa nyama anayang'ana nambalayo, anayang'ana zala za mayiwo.

"Basi? N'zomwezi?"

"N'zomwezi."

"Munazidziwa liti?"

Akanatha kunena kuti dzulo. Panalibe wowatsutsa. Koma kunja anali asanamalize kumasula chingwe, ndipo bodza lalifupi likanabweza anthu ku mpopi.

"Papita zaka zisanu ndi chimodzi."

Mwamunayo anawagwira dzanja lamanja, analitambasula pa tebulo lachitsulo, anatola chitsulo choboolera mapepala n'kumenya. Anamenya katatu. Ululu unakwera mpaka m'mano, koma mayiwo sanachotse maso pazenera. Anaona amuna atatu aja, amene dzulo lake ankafuna kudyana, atanyamula a Fosholo wina kumutu wina kumiyendo wina pakati, akuwagoneka kumbuyo kwa galimoto. Wa petulo uja anathamangira galimotoyo, wamkulu wa abalewo anamugwetsa ndi chigongono, ndipo inatuluka pachipata.

Wogulitsa nyama anakweza chitsulo chija kachinayi, koma dzanja linaima m'mwamba. Anachitaya pakona, anakhala pansi pa simenti, anaphimba nkhope ndi epuloni yake n'kuyamba kulira mokweza, akuitana mwana wake ndi dzina la paubwana. Anthu a pazenera anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana kumbali. Apolisi anafika patapita theka la ola, anapeza azichimwene ake a wogulitsa nyama akukwirira manda a mtsikanayo ndi manja awo, popeza sanafune kukhudza mafosholo.

Zala zitatu zinali zothyoka, ndipo ziwiri sizinapindikenso. Khutu lija linayambanso kumva pang'ono tsiku lachiwiri. A Fosholo anali m'chipinda cha odwala kwambiri, nthiti zinayi zothyoka, chibwano chosweka, diso limodzi litaphulika, osatsitsimuka. Dokotala anati sangalonjeze kanthu. Kwa apolisi ndi kwa abwana a ku likulu Mayi Kaundula ananena chimodzimodzi, osachotsa osaonjeza. Abwana anawauza kuti ntchito yawo itha kumapeto kwa mwezi. Iwo anapempha chinthu chimodzi, kuti masiku otsalawo awalole kulowa mu ofesi. M'mawa ankakhala pa kompyuta, dzanja lamanja lili m'chikhakha, akulembanso manambala aja ndi chala chimodzi cha kumanzere, kamchira kenako nambala, kamchira kenako nambala. Amene ankawakayikira ankapita kukawerenga mitumbira ndi mapazi awo. Masana ankakwera basi kupita kuchipatala n'kukhala pa benchi pafupi ndi mkazi wa a Fosholo, amene sanawalankhule ngakhale liwu limodzi, koma sanawathamangitse.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi namwino anatuluka n'kunena kuti wodwala watsegula diso, ndipo atatha kuona mkazi wake akufunsa za mlamu. Mayi Kaundula analowa. Nkhope imene inali pa pilo sakanaizindikira pamsewu. Anagwada pambali pa bedi, anatembenuzira khutu lakumva kufupi ndi pakamwa pomangidwa ndi mawaya. Anali atakonza mawu ambiri opepesa m'masiku onsewo, koma a Fosholo anawatsogolera.

"Mlamu, mwanditayitsa nthawi," ananong'ona. "Pepala lija ndinalimeza louma, lopanda ndi mchere womwe. Inu n'kutuluka ndi linzake."

Mayiwo anafuna kuseka, m'malo mwake misozi inatsika. Anati akanakhala chete bwenzi pano akuyankhula ndi phulusa.

Diso limodzi lija linatsika mpaka pa chikhakha, linakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Zingati?"

"Zitatu."

"Ine nthiti zinayi. Ndakuposani." Anapuma movutika, kenako anafunsa ngati mayi wa anthu aja anaikidwa.

Anawauza kuti anaikidwa Loweruka, pamwamba pa mwamuna wake, mu mzere wachitatu, ndipo anakumba ndi ana ake omwe. A Fosholo anatseka diso. Namwino anawagwira Mayi Kaundula paphewa kuti nthawi yakwana, wodwala apume, ndipo anawauza kuti mawa abwere ndi phala lamadzimadzi, chifukwa munthuyu ayamba kumva njala.